Funsani Mmisiri: Kudzazanso Zipolopolo za Mfuti Zakale za Nkhondo

Makalata ambiri a mwezi uno akunena za mfuti zakale za asilikali, makamaka .303 ya Lee-Enfield, imene kuno ku South Africa ikadali m'mafamu ambiri ndipo ikudyetsabe mabanja nyama ya nswala ndi ngoma. Zipolopolo za m'sitolo zadula, choncho anthu akufuna kumadzaza okha zigoba zimene awombera kale. Ndasankhapo makalata 6. Ena ndawafupikitsa, ndipo mayina ndachotsa monga mwa nthawi zonse.

Zikomo bambo mmisiri. Ndimagwira ntchito pa famu ya nyama kufupi ndi Polokwane, ndili ndi chiphaso chokhazikika m'dziko muno komanso laisensi ya Lee-Enfield No. 4. Ndinayamba kudzaza ndekha chaka chatha. Zigoba zanga sizikukhalitsa. Ndikadzaza kachitatu kapena kachinayi pamaoneka kamzere kowala kozungulira pafupi ndi tsinde, ndipo posachedwapa china chinaduka, tsinde n'kutuluka lokha, chotsalacho n'kukanirira m'kati. Mnzanga wa mfuti ya .30-06 amadzaza chigoba chimodzi kambirimbiri popanda vuto. Kodi mfuti yanga yatha? — Wa ku Limpopo

Achimwene, mfuti yanu sinathe. Zimene mukuonazo ndi khalidwe la Lee-Enfield, ndipo aliyense wodzaza .303 amakumana nazo. Koma chigoba choduka si chinthu chochipeputsa, chifukwa chikaduka mpweya wamoto umabwerera kumaso kwanu. Timvetse kaye chimene chikuchitika m'kati mwa chemba, malo a kumayambiriro kwa mpope amene chipolopolo chimakhalamo.

Chipolopolo cha .303 asilikali a Britain anachilandira mu 1888. Chigoba chake chili ndi mkombero wotukuka kutsinde, ndipo mkombero umenewo ndi umene umachiimitsa chikalowa mu mfuti. Cha .30-06 cha mnzanuyo chilibe mkombero wotere. Chimaima ndi phewa, kotero opanga mfuti amakakamizika kudula chemba mothina bwino paphewapo. Pa Lee-Enfield panalibe chowakakamiza. Iwo ankafuna mfuti yoti msilikali ali m'matope a ku Flanders kapena m'fumbi la ku North Africa, chipolopolo chada kapena chaphwanyika pang'ono, angotseka bolt, chitsulo chokankhira chipolopolo m'chemba ndi kuchitsekera, n'kuwombera. Ndiye chemba anaisiya yotakasuka, phewa lake lili patsogolo kuposa la chigoba chatsopano. Zoti wina adzatola chigobacho n'kuchidzazanso sizinali m'mitu mwawo.

Imikani chigoba chatsopano pambali pa chowomberedwa, muona nokha kuti phewa lasunthira kutsogolo. Kuwombera koyambako kumachitamula ndithu, koma chimene chimachimaliza ndi benchi lanu. Mukachilowetsa chonse mu die (chikombole chachitsulo) yobwezera chigoba pa msinkhu wa kufakitale, mumakankhira phewa lija m'mbuyo ndi kufinya thupi. Mukawombera, khoma lakutsogolo limamatirira ku chemba, tsinde limakankhidwira m'mbuyo mpaka litagunda bolt, ndipo mkuwa wa pakati pake umatamuka. Umatamukira malo amodzimodzi nthawi zonse, pamwamba pa tsinde, pamene khoma lochindikala limayamba kupyapyala. Kamzere kowala kaja ndi pamenepo. Onjezaninso ichi: mano otsekera bolt ya Lee-Enfield ali kumbuyo, osati kutsogolo pafupi ndi chigoba monga pa Mauser. N'chifukwa chake bolt yake imathamanga mokoma chonchija, komanso n'chifukwa chake imagonja pang'ono pa kuwombera kulikonse, chigoba n'kutamukira nayo limodzi.

Lekani kubweza chigoba chonse. Gulani die yofinya khosi lokha, longoti ligwire mutu wa chipolopolo, thupi ndi phewa zikhale mmene chemba yanu inaziumbira. Ya kampani ya Lee yotchedwa collet die ndi yotsika mtengo ndipo ntchito imeneyi imaigwira bwino. Chigoba chotero chimayamba kuima ndi phewa, sichiyendayendanso m'chemba, ndipo chimakhalitsa. Tsiku limene bolt iyambe kuvuta kutseka, kankhani phewa pang'ono chabe, pongokwanira kuti itseke. Muziyezanso kutalika kwa chigoba n'kumachidula chikapitirira muyezo wa m'buku. Zigoba zimenezi ndi za mfuti yanu yokha. Mnzanu musam'patse, ndipo mukadzakhala ndi ma .303 awiri, iliyonse ikhale ndi bokosi lake lolembedwa nambala ya mfutiyo.

Zigoba zonse zimene muli nazo panopa zifufuzeni lero. Wongolani kawaya kopanira mapepala, pindani kansonga kake, kalowetseni m'chigoba n'kumakanda khoma la m'kati kuchokera pansi. Mukamva kuti kakodwa m'kangalande, chigobacho chiphwanyeni ndi pulayala n'kuchitaya, ngakhale kunja chikuwala bwanji. Chigoba mugula china, diso silimera lina.

Kenako pitani nayo mfutiyo kwa mmisiri wovomerezeka akayeze headspace, mpata wa pakati pa nkhope ya bolt ndi pamene mkombero umakhala. Asilikali a Britain ankalola mpata woyambira 0.064 mpaka 0.074 ya inchi. Kwa iwo mfuti ya kufupi ndi malire akumtundawo inali yabwinobwino, koma kwa inu wodzaza imeneyo imadya zigoba. Ubwino wa No. 4 ndi wakuti mutu wa bolt umamasulidwa, ndipo anaupanga wa misinkhu inayi yolembedwa 0, 1, 2 ndi 3, kotero mmisiri akhoza kuikapo wautaliko. Aonenso ngati nambala ya pa bolt ikufanana ndi ya pa mfuti, pakuti zambiri mwa mfutizi zinasokonezedwa ma bolt pamene zinkagulitsidwa mulu nkhondo itatha. Mpaka zimenezi zitachitika, mfutiyo ipume.

Bambo mmisiri, ine ndi mayi wa ku Newcastle ku KwaZulu-Natal. Timasaka ndi amuna anga, ndipo .303 ili m'dzina langa. Mlimi wina wokalamba amene akusamuka watipatsa zipolopolo zakale za asilikali zodzaza chitini. Pansi pake palembedwa U 1943 VII. Zina zili ndi madontho obiriwira. Kodi tingaziwombere, kenako n'kudzazanso zigoba zake?

Mayi, muyambe mwaziwerenga. Lamulo la mfuti la dziko lino, Firearms Control Act ya 2000, limalola munthu kusunga zipolopolo zosapitirira 200 pa mfuti iliyonse ya laisensi, pokhapokha ngati analembetsedwa monga dedicated hunter kapena dedicated sports person (mlenje kapena wowombera wa masewera wovomerezeka mwapadera). Lamulo lomwelo limakulolani kudzaza zipolopolo za mfuti yanu ya laisensi, ndipo malire a mapulaima, tizitsulo ta kutsinde kwa chigoba timene timayatsa onga, ndi 2,400 pa mfuti iliyonse. Zodzazira anthu ena kapena kugulitsa, ayi.

Tsopano zilembozo. U ndi chizindikiro cha fakitale ya boma ya ku Pretoria imene inkapanga zipolopolo pa nkhondo yachiwiri. VII ndi mtundu wa Mark VII, umene unayamba mu 1910, wa mutu wosongoka wolemera ma grain 174 (grain ndi muyezo waung'ono wa kulemera kwa mitu ndi onga). Pakanakhala Z pambali pake tikanati muli onga wa timibulu, koma popeza palibe, m'katimo muli onga wa cordite, tizingwe tofiirira tatitali toikidwa mtolo. Frederick Abel ndi James Dewar ndi amene anaipanga mu 1889. Cordite imayaka motentha kwambiri ndipo imadya khosi la mpope, pamene chipolopolo chimayambira ulendo.

Choopsa kwambiri kwa mfuti yanu ndi pulaima. Mapulaima a nthawi imeneyo anali ndi potassium chlorate, amene akayaka amasiya mchere m'mpope. Mcherewo umakoka chinyontho, ndipo m'nyengo yamvula ya kwanuko dzimbiri limayamba usiku womwewo. Mafuta a mfuti sasungunula mchere, amangouphimba. Asilikali ankathira madzi owira m'mpope kudzera pa fanelo kuchokera ku chemba, chitsulo n'kutentha mpaka kudziumitsa chokha, kenako n'kupaka mafuta. Mukaziwombera, chitani chimodzimodzi tsiku lomwelo, pukutaninso nkhope ya bolt, ndipo mawa lake muyang'anenso m'mpope.

Za madontho obiriwira, zothetheka pakhosi ndi zimene mutu ukugwedera, musaziike m'mfuti n'komwe. Zipatuleni mukazipereke ku polisi kapena kwa wogulitsa mfuti wovomerezeka. Mkuwa wakale umang'aluka wokha. Asilikali a Britain ku India anadabwa nazo kuona zigoba zikung'aluka nyengo ya mvula, mpaka zinadziwika kuti ndi amoniya wochokera ku mikodzo ya akavalo m'makola mmene ankasungira zipolopolozo. N'chifukwa chake ndimaletsa anthu kuwalitsa zigoba ndi mankhwala opukutira mkuwa okhala ndi amoniya. Zooneka bwinozo nazonso zadutsa zaka 80, ndipo pulaima wokalamba amachedwa kugwira: mumva kuti "tche", kenako mfuti n'kulira pambuyo pake. Zikatero mfuti iloze kuchandamale, dikirani mphindi yathunthu musanatsegule bolt. Ndipo musapite nazo kokasaka. Mutu wa Mark VII ndi wokutidwa ndi chitsulo mpaka kunsonga, sutambasuka m'thupi mwa nyama monga wosakira, ndipo nyama yovulala yothawira m'tchire ndi chinthu chimene mlenje aliyense ayenera kuchita nacho manyazi.

Zodzazanso zigoba zake, ndingakulangizeni kuti muzisiye. Unikani ndi tochi m'kati mwa chigoba chowomberedwa. Muona timabowo tiwiri m'mbali, osati bowo limodzi pakati. Umenewo ndi mtundu wa Berdan. Kachitsulo kotulutsira pulaima ka mu die yanu kanapangidwira mtundu wa Boxer wa bowo limodzi, ndipo mukakakamiza kathyoka. Hiram Berdan anali wa ku America, Edward Boxer anali msilikali wa ku Woolwich ku England, koma mayiko awo anasinthana: America inatenga njira ya Boxer, Britain ndi Ulaya n'kutenga ya Berdan. Mapulaima aakulu a Berdan oyenera zigoba zimenezi ndi osowa, ndipo akalewo anali ndi mercury amene amalowerera mu mkuwa n'kuufooketsa. Gulani zigoba za Boxer, monga za PMP zogulitsidwa kwa alenje kapena za Prvi Partizan, muyambire pabwino.

Bambo, ndili kumudzi ku Ntchisi. Nguluwe zikutha chimanga ndi chinangwa. M'denga la nyumba ya malemu agogo, amene anamenya nkhondo ku Burma, tinapeza mfuti yakale ya .303 ndi zigoba zopanda kanthu. Munthu wina wosula gogodela akuti akhoza kuzidzaza ndi onga wake ndi mitu ya machesi. Kodi zingagwire?

Mwana wanga, musalole. Ndikukupemphani ndi mtima wanga wonse.

Agogo anu ndikuwalemekeza. Amuna a ku Nyasaland a mu King's African Rifles anayenda m'matope a chigwa cha Kabaw mu 1944 atanyamula Lee-Enfield, monga makolo awo anachitira ku Karonga mu 1914, ndipo chipilala cha ku Zomba chimakumbutsa za gulu limeneli. Koma akanakhala moyo, iwo ndiwo akanayamba kukulandani zigobazo, chifukwa msilikali amadziwa mphamvu imene ili m'chemba. Tayala la galimoto limapopedwa ma bar awiri kapena atatu. M'kati mwa .303 ikamalira mumafika ma bar oposa 3,000, ndipo zonsezo zikuchitika pafupi ndi tsaya lanu. Onga wa m'fakitale amauyeza kuti uziyaka pa liwiro lodziwika. Wa munthu wosula gogodela palibe amene anauyeza, lero wina mawa wina, ndipo mankhwala a machesi saotcha pang'onopang'ono, amaphulika, nthawi zina ali m'manja mwa wodzazayo. Mfutiyo nayonso yakhala m'denga zaka zosawerengeka. Dzimbiri ladya m'kati, ndipo mavu amakonda kuumba dothi m'mipope yotere. Mpope wotsekeka umang'ambika ngakhale ndi chipolopolo chabwino cha m'sitolo.

Palinso lamulo. Ku Malawi kusunga mfuti kapena zipolopolo popanda laisensi ndi mlandu, ndipo kupanga zipolopolo popanda chilolezo ndi mlandu winanso. Zonse zimene ndikulemba m'tsamba lino za ma die ndi masikelo ndi za anthu okhala m'mayiko amene malamulo awo amalola mwini mfuti ya laisensi kudzaza yekha. Kumbukiraninso kuti lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo Ntchisi ili m'malire a nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota. Munthu wopezeka ndi .303 yopanda mapepala m'dera limenelo sadzaonedwa ngati mlimi woteteza munda wake.

Musainyamule nokha pa minibasi. Kafotokozereni a mfumu mmene munaipezera, akuperekezeni ku polisi mukanene, apolisiwo abwere adzaitenge. Za nguluwezo, njala yake ndi yeniyeni ndipo sindikuichepetsa. Kadandauleni pamodzi monga mudzi, kudzera kwa a mfumu ndi alangizi a zaulimi, ku ofesi ya National Parks and Wildlife, amene ali ndi udindo ndi alonda ophunzira othana ndi nyama zowononga mbewu. Bungwe la African Parks lakhala likuyendetsa nkhalango ya Nkhotakota kuyambira 2015 ndipo linamanga mpanda, kotero ngati pali pamene nyama zikutulukira, akawadziwitse. Ngalande yozama m'mphepete mwa munda ndi kulondera mosinthana usiku n'zotopetsa, koma zimakusiyani ndi manja awiri olimira.

Akulu, ndimakhala ku Reading ku England ndipo ndinalowa kalabu yowombera chandamale. Ndili ndi Lee-Enfield ya mtundu wa SMLE, ya 1917, yopangidwa ndi kampani ya BSA. Ku bwalo lowomberera la Bisley pa mayadi 200, zipolopolo zimene ndadzaza ndi mitu yamakono ya ma grain 174 yowonda kumbuyo zikubalalika, zina zikuboola pepala cham'mbali. Mitu yake ndi yodula. Ndiwonjezere onga?

Ayi achimwene, onga musawonjezere. Vuto lanu si liwiro. Mutuwo sukugwira mizere ya m'mpope, imene imauzungulitsa kuti uuluke mowongoka.

Dzina lakuti .303 limanena za mulifupi wa mpope pamwamba pa mizere. Mutu weniweni ndi wa 0.311 kapena 0.312 ya inchi, ndipo onetsetsani pa bokosi kuti sanakugulitseni ya 0.308, imene ndi ya mfuti zina. Koma mipope ya nthawi ya nkhondo sinkafanana. Ina ngalande zake zimafika 0.314, ndipo mfuti ya 1917 yadya cordite yambiri, khosi lake linaperepeseka. Mark VII inkayenda bwino m'mipope yotere chifukwa tsinde lake linali lafulati, mtovu uli poyera kumbuyo. Mpweya ukaligunda linkafufuma pang'ono n'kudzaza ngalande. Mutu wamakono wowonda kumbuyo sufufuma, ndipo mbali yake yokhudza mpope ndi yaifupi. Mpweya umaudutsa m'mbali, umatuluka usanazungulire mokwanira, n'kuyamba kugubuduzika m'mlengalenga. Mitu imeneyo ndi yabwino, koma ndi ya mipope yatsopano.

Yesani mitu yafulati kumbuyo, ya ma grain 174 kapena 180, ya 0.312. Ambiri vuto limathera pomwepo. Zikapanda kutheka, mmisiri akankhe kamtovu kofewa m'mpope kuti adziwe muyezo weniweni. Ndati mmisiri chifukwa mpope wa SMLE uli ndi ngalande zisanu, kotero ngalande imayang'anizana ndi mzere, ndipo choyezera wamba chimakunamizani. Mpope ukapezeka wotakasuka kwambiri, ambiri amatembenukira ku mitu ya mtovu youmba, imene imapezeka yonenepa mpaka 0.314, n'kumaiyendetsa pang'onopang'ono. Pa mayadi 100 ndi 200 imachita zodabwitsa ndipo siidya mpope. Chenjezo lake ndi lakuti onga wa mitu yamtovu ndi wothamanga ndipo umakhala wochepa m'chigoba chachikulu, kotero n'kosavuta kuthira kawiri osazindikira. Kuthira kawiri kotere kwang'amba mfuti zambiri.

Yang'ananinso zinthu ziwiri zosakhudza chipolopolo. Asilikali ankatsuka mpope ndi chingwe chokoka, ndipo chingwe chokhula mbali imodzi kwa zaka zambiri chimadya kukamwa kwa mpope. Kwina ndi sikulu yaikulu ya kutsogolo kwa chotchinga chowombera, imene imamanga chitsulo ku thabwa. Ikamasuka, kapena thabwa likauma n'kunyala, SMLE imabalalitsa ngakhale chipolopolo chikhale chabwino chotani.

Poti muli ku Britain, kumbukirani kuti zipolopolo zimene mwadzaza zimawerengedwa pa chiwerengero cholembedwa pa firearm certificate yanu, ndipo pogula mapulaima muyenera kuonetsa chiphasocho. A Lee-Enfield Rifle Association amawombera ku Bisley komweko. Afikireni, ena mwa iwo akhala ndi mfuti zimenezi moyo wawo wonse.

Bambo, ndagula Mauser ya 7x57 kwa wogulitsa wina ku Bloemfontein. Pambali palembedwa OVS. M'buku langa muli matebulo awiri a miyezo ya onga wa 7x57, lofatsa ndi lamphamvu. Ndikufuna lamphamvulo kuti ndiziwombera ngoma patali.

Muli ndi chuma m'manja, bambo. OVS ndi Oranje Vrij Staat. Mfuti zimenezi boma la Maburu a ku Free State linazigula ku Berlin, kwa makampani a Ludwig Loewe ndi DWM, nkhondo ya 1899 mpaka 1902 isanayambe. Musaiboole kuti muikepo galasi, musaidule thabwa.

Tebulo lanu ndi lofatsalo. Lamphamvulo ndi la mfuti zamakono ndi za mtundu wa Mauser wa 1898, umene uli ndi dzino lachitatu lotetezera kumbuyo kwa bolt komanso njira zabwino zopatutsira mpweya chigoba chikaphulika. Yanuyo ndi ya mtundu wa m'mbuyo mwake. Ili ndi mano awiri okha, chitsulo chake ndi cha zaka zoposa 120, ndipo mpweya wothawa umatsata bolt kubwera kumaso. Khosi la mpope wake analidula lalitali kuti lilandire mutu wautali wobulungira wa ma grain 173, choncho mitu yolemera ya 160 mpaka 175 ndi imene imaikonda, ndipo yopepuka nthawi zambiri imabalalika. Mutu wolemera woyenda mofatsa umalowa mozama, ndipo ngoma imagwa. Chimene mfutiyi ikukupemphani ndi kuyandikira nyama.

Mwa njira yomweyo ndichenjeze amene ali ndi mfuti zakale za ku Germany za 8x57. Zoyambirira zinali za mutu wa 0.318, ndipo mu 1905 asilikali anasinthira ku wa 0.323 wolembedwa S. Kuika wonenepawo m'mpope wothina n'kuitana ngozi. Muyezetse musanagule die.

Amalume, mwezi ndi mwezi mumalankhula zambiri koma simutiuza nambala. Tangonenani: onga wanji, ma grain angati pa .303? — Mnyamata wa ku Germiston

Sindidzalemba nambala imeneyo m'magazini ino, mphwanga, ndipo si kuuma mtima. Nambala imodzi ikasindikizidwa molakwika, 3 n'kukhala 8, palibe amene angaibweze m'manja mwa owerenga onse. Komanso mwaona m'makalata a pamwambawa kuti ma .303 awiri sakhala ofanana. Wina chemba yotakasuka, wina khosi lodyeka, wina mpope wothina wa ngalande ziwiri monga ma No. 4 ena a ku mafakitale a Long Branch ndi Savage. Muyezo umene uli wofatsa mu mfuti yanga ukhoza kukhala woopsa mu yanu.

Nambala muzitenge m'buku la amene anapanga onga umene muli nawo. Kuno ambiri amadzaza .303 ndi S335 ya Somchem, ena ndi N140 ya Vihtavuori kapena IMR 4895, ndipo aliyense wa opangawa anafalitsa matebulo ake oyezedwa ndi makina. Mtundu wina sulowa m'malo mwa unzake. Ngakhale chitini chatsopano cha dzina lomwelo chikhoza kusiyana pang'ono ndi chakale, kotero mukatsegula chatsopano, kapena mukasintha pulaima, chigoba kapena mutu, bwererani pa muyezo woyambira. Musatsikenso pansi pa muyezo woyambirawo ndi onga wochedwa kuyaka poganiza kuti mukufewetsa, chifukwa umayaka mosadalirika ndipo mutu ukhoza kutsalira m'mpope. Mfuti ikalira mofooka kusiyana ndi masiku onse, chotsani bolt muyang'ane m'mpope musanaikemo china.

Pa benchi pakhale chitini chimodzi chokha cha onga, cholembedwa dzina lake, chosathiridwa m'botolo lina. Sikelo muziiyesa ndi miyala yake yoyezera musanayambe. Mukathira zigoba zonse, ziimikeni pa thabwa n'kuunika ndi tochi chimodzichimodzi musanaike mitu, muone kuti onga wafika pofanana ndipo palibe chopanda kanthu. Foni ikhale kutali, fodya ndi mowa zisayandikire, ana akhale panja, magalasi akhale kumaso podzaza ndi powombera pomwe. Kukwera kuchoka pa muyezo woyambira kukhale pang'onopang'ono, zipolopolo zochepa pa sitepe iliyonse.

Musadalire zizindikiro zimene anzanu a mfuti zamakono amayang'ana, monga pulaima wophwatalala kapena bolt yolimba potsegula. Zimenezo zimaoneka mphamvu itadutsa kale malire a Lee-Enfield. Chida chimene ndimakhulupirira ndi choyezera liwiro, ndipo makalabu ambiri ali nacho chobwereka. Mark VII inkatuluka pa mafiti 2,440 pa sekondi ndi mutu wa ma grain 174, ndipo zoyang'anira za pa mfuti yanu anazilemba motsatira liwiro limenelo. Mukaliyandikira, imani, ngakhale buku likadali ndi mzere wina pamwamba. Ine zanga ndimazisiya pansi pake pang'ono, ndipo zigoba zimakhalitsa.

Gulani kope. Lembanimo tsiku, nambala ya mfuti, mtundu wa chigoba ndi kangati mwachidzaza, pulaima, onga ndi nambala ya chitini chake, kulemera kwake, mutu, kutalika kwa chipolopolo chonse, liwiro, ndi mmene zagwera pa pepala. Ulendo woyamba musadzaze nokha. Khalani pambali pa munthu wa ku kalabu amene wakhala akudzaza .303 zaka zambiri, muone manja ake, iyenso aone anu. Mukatero mundilembere zimene kope lanu likunena, tidzakambirane za mfuti yanuyo.